Dimba la Agogo ndi Gadeni ya Bwana

Akonzi a kalata yathuyi atandipempha kuti ndilembeko kanthu ka mbiri yakale, ndinaona kuti za mpira, za aphunzitsi ndi za m'mahositelo anzathu ena analemba kale, ndipo analemba bwino. Tsono ine ndasankha nkhani ya kamunda ka pakhomo, kaja timabzalamo ndiwo zamasamba, maluwa ndi zitsamba kuseri kwa nyumba. Ndakhala ndikulima kamunda kotere pa nyumba iliyonse imene ntchito ya boma yandigonekapo, ndipo m'kupita kwa nthawi ndinayamba kufufuza kumene mbewu zimenezi zinachokera ndi anthu amene anazibweretsa.

Ambiri a ife tinachoka pa sukulu ndi maganizo awiri pa nkhaniyi. Ena timaona khasu ngati chilango, popeza ndi limene ankatipatsa tikachedwa ku asembule. Ena timaona maluwa ngati zachizungu, zoyenera anthu osowa chochita. Mbiri ikutsutsa maganizo onse awiriwa. Kamunda ka pakhomo pa Mmalawi wa lero kali ndi makolo awiri: dimba la agogo athu, ndi gadeni ya ku mishoni ndi ku boma. Pa ziwirizi cholowa chachikulu ndi dimba, ndipo ndi chimene ife ophunzira tikuchitaya msanga.

Azungu asanafike

David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja ali alimi okhwima kale. M'buku la ulendo wake wa ku Zambezi, limene linatuluka m'chaka cha 1865, iye anafotokoza za minda ya mapira, mawere, nyemba ndi mtedza, komanso timinda ta maungu, minkhaka, chinangwa, mbatata, mpunga ndi fodya. Anaona thonje pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo analembanso kuti chimanga chinkalimidwa chaka chonse. Chimanga sichingalimidwe chaka chonse podalira mvula yokha. Apa tikuona kuti dimba linalipo kale. Katswiri wathu wa mbiri yakale, Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za Chigwa cha Shire, anasonyeza kuti moyo wa anthu a kumeneko unkatsamira pa minda ya mitundu iwiri: mphala, wodalira mvula, ndi dimba, lolimidwa pa chinyontho chimene mtsinje wasiya madzi akaphwera. Mvula ikakana ku mphala, dimba ndilo linkapulumutsa banja.

Kuwonjezera pa minda iwiriyi panali kamalo kachitatu, kapafupi ndi nyumba. Kuseri kwa khola ndi m'mbali mwa dzala, pomwe phulusa ndi ndowe zimaunjikana, nkhwani unkayanga, bonongwe ndi luni zinkamera zokha, ndipo mayi wanzeru sankazizula popalira. Ankadziwa kuti mlendo akafika madzulo ndiwo zili pomwepo. Ankadziwanso kusunga. Masamba a khwanya, chitambe ndi nkhwani ankawafutsa, kuwayanika pa dzuwa ndi kuwamanga m'zikwatu za masamba a msuku, kuti m'chilimwe ana asadye nsima yosowa potowera. Ngakhale duwa la dzungu silinkatayidwa, chifukwa chiluwe ndi ndiwo.

Tisaganize kuti zonse za m'dimba la agogo zinali za kuno. Mapira, mawere, mchewere, khobwe, nzama, zipwete ndi mavwende kwawo ndi kuno ku Africa. Koma nthochi, nzimbe, mango ndi nandolo zinachokera cha ku Asia, kudzera pa nyanja ya mchere ya kum'mawa. Ndipo chimanga, chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba, maungu, tsabola, tomato, mapapaya, magwafa ndi fodya kwawo ndi ku America. Zimenezi zinawoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Christopher Columbus wa 1492, ndipo zambiri zinalowa kuno kudzera mwa Apwitikizi, amene anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, komanso kudzera mwa amalonda a ku gombe. Maina ena akuchitira umboni: mbatata, nanazi ndi malalanje ndi mawu amene tinabwereka ku Chipwitikizi. Ngakhale chisoso, chimene timachiyesa chathu chenicheni, kwawo ndi ku America. Makolo athu sankaopa mbewu yachilendo. Ankaiyesa pa kamalo kakang'ono, ikachita bwino nkuilandira, osataya zimene anali nazo kale. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti mwini mudzi ataye lumo lake.

Alimi a ku mishoni

Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa m'chaka cha 1876, mmodzi mwa anthu oyamba kufika anali John Buchanan, mnyamata wa zaka 21 amene anaphunzira ntchito ya m'gadeni ku Drummond Castle m'dziko la Scotland. Amishoni anafuna kudzidyetsa okha ndiponso kupeza mbewu zamalonda zoti zilowe m'malo mwa malonda a akapolo. Choncho anakumba ngalande zobweretsa madzi, nayamba kuyesa mitengo ya zipatso ndi ndiwo zamasamba za kwawo. Kuchokera m'magadeni a mishoni ngati imeneyi, kulima m'mabedi, kufesa pa nazale ndi kuokera zinayamba kufalikira, pamodzi ndi mbewu monga kabichi, karoti ndi mbatatesi.

M'chaka cha 1878 mlimi wina wa mishoniyo, Jonathan Duncan, ananyamula timitengo titatu ta khofi kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, kamodzi kanapulumuka nikabzalidwa ku Blantyre. Njere za kamtengo kameneka ndizo zinayambitsa minda ya khofi ya kumapiri a Shire, ndipo pofika chaka cha 1900 khofi ndiye anali patsogolo pa katundu amene dziko lino linkagulitsa kunja. Mtengo wa khofi unajambulidwa ngakhale pa chizindikiro choyamba cha boma la atsamunda. Koma ulemererowo sunakhalitse. Mitengo itagwa pa msika wa kunja chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil, tizilombo ndi chilala zitawonjezera mavuto, eni minda anatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi. Tiyi nayenso anayamba ngati choyesera cha m'gadeni ya mishoni, mpaka Henry Brown anamubzala ku Mulanje m'chaka cha 1891.

Mbiri ya Buchanan ili ndi banga limene sitiyenera kulibisa. M'chaka cha 1881 mpingo unamuchotsa ntchito pamodzi ndi anzake ena chifukwa cha zilango zankhanza zimene ankapereka kwa anthu akuda. Atachoka ku mishoni anakakhazikika ku Zomba m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, kumene iye ndi abale ake ankalima khofi ndi nzimbe. Iwo ndiwo anamanga nyumba ya kazembe wa Britain, imene pambuyo pake inadzatchedwa Hotel Masongola. Buchanan ankatumiza zomera za kuno ku Kew, ku London, ndipo zingapo mwa izo zimadziwika ndi dzina lake m'mabuku a sayansi. Anamwalira m'chaka cha 1896 ku Chinde, ali pa ulendo wopita kwawo.

Gadeni ya boma ku Zomba

Harry Johnston atabwera kudzayambitsa boma la atsamunda m'chaka cha 1891, anatenga Alexander Whyte, munthu wachikulire amene anakhalapo ku Ceylon, kuti akhale katswiri wa zomera ndi nyama. Whyte ndiye anakonza munda wa zomera wa ku Zomba, kumunsi kwa nyumba ya kazembe ija. Cholinga chake sichinali kukongoletsa kokha. Kumeneko ankayesa mbewu zochokera m'maiko osiyanasiyana kuti aone zimene zingachite bwino kuno, kenaka nkuzigawa. Whyte yemweyo anakwera phiri la Mulanje natumiza ku Ulaya nthambi za mkungudza, ndipo mtengowo unalembedwa m'chaka cha 1894 ndi dzina loti Widdringtonia whytei. Tiyeni tione bwino: anthu a m'tsinde mwa phirilo ankaudziwa mtengowu kuyambira kalekale, koma m'mabuku unalowa ndi dzina la mlendo. Munda wa ku Zomba uja ulipobe, ndipo kuyambira m'chaka cha 1987 uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene lilinso ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Inu amene munaphunzira ku Chancellor College mwina munkangopitako kukacheza Loweruka, osadziwa kuti mukuponda pa mbiri.

Nthawi imeneyi ndi imene inabweretsa maluwa ambiri amene lero timawayesa a m'matauni athu. Jakaranda amene amakongoletsa misewu ya Zomba, Blantyre ndi Lilongwe ndi maluwa obiriwira ngati mtambo mwezi wa October kwawo ndi ku South America. Bougainvillea ndi wa ku Brazil, poinsettia ndi wa ku Mexico, flamboyant ndi wa ku Madagascar, ndipo bulugama ndi wa ku Australia. Si alendo onse amene anakhala mwaulemu. Lantana, amene anthu ankamubzala ngati mpanda wa maluwa, anathawira kutchire ndipo lero akutsamwitsa zomera zina. Namasupuni anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankakopeka ndi duwa lake, koma ife timamudziwa chifukwa chotseka mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina a magetsi ku Nkula. Chodabwitsa n'chakuti pamene tinkaitanitsa maluwa akutali, dziko lathu lili ndi mitundu yoposa 400 ya maluwa a orchid, ndipo yoposa 200 mwa iyo imapezeka ku Nyika.

Anagwira khasu ndani?

Mabuku a nthawi ya atsamunda amatchula maina a Buchanan, Duncan ndi Whyte, koma satchula anthu amene anakumba ngalande, kusenza manyowa ndi kuthirira mabedi m'mawa ndi madzulo. Amenewo anali agogo athu. Ena ankagwira ntchitoyi chifukwa cha msonkho wa nyumba, ena chifukwa cha thangata, ndipo m'tauni bambo wa imvi, wa ana ndi adzukulu, ankatchedwa gadeni boyi. Iye ndiye ankadziwa nthawi yodulira maluwa a rozi ndi mankhwala a nsabwe za pa kabichi, koma gadeniyo inkatchedwa ya dona. Kunena zoona, manyazi amene ophunzira ambiri ali nawo pa khasu anayambira pomwepa. Mwana ankatumizidwa ku sukulu kuti adzakhale kalaliki, avale kolala yoyera, asadzagwirenso dothi. Pa nthawi yomweyo ndiwo za makolo zinayamba kuonedwa ngati za amphawi, pamene kabichi anakhala ndiwo ya alendo ndi ya pa ukwati.

Panali mzungu mmodzi amene anaona zinthu mosiyana. Jessie Williamson anali m'gulu limene linayamba kufufuza za kadyedwe ka anthu a m'dziko muno m'chaka cha 1938, motsogozedwa ndi Dr B. S. Platt. Mayiyu anakhala nthawi yaitali ndi amayi a m'midzi, akufunsa dzina la tsamba lililonse, kaphikidwe kake ndi ntchito yake. Zotsatira zake ndi buku la Useful Plants of Nyasaland, limene linasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1955 ndipo linatulukanso mowonjezeredwa m'chaka cha 1975 ndi dzina loti Useful Plants of Malawi. Mukalitsegula mudzapeza denje, chewe, mnadzi, luni, kholowa ndi chigwada, ndi maina ake m'zinenero zathu zosiyanasiyana. Nzeru zonsezo zinali za amayi amene sanapite ku sukulu; iye anangozilemba. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti ena a ife tsopano tiyenera kupita ku laibulale kuti tidziwe zimene agogo athu ankadziwa pamtima.

Ufulu, sukulu ndi nyumba za boma

Titalandira ufulu m'chaka cha 1964, Dr H. Kamuzu Banda analimbikira kunena kuti chuma cha dziko lino chili m'nthaka. Alimi ochita bwino ankapatsidwa ulemu wa uchikumbe, unduna unkasindikiza magazini ya Za Achikumbi, ndipo pa wailesi panali pulogalamu ya O Phiri. Phunziro la zaulimi linalowa m'sukulu za pulayimale ndi za sekondale. Ambiri tikukumbukira kunyamula khasu pa phewa popita ku sukulu, kuyeza bedi ndi chingwe, ndi kukangana kuti lero athirire ndani. Koma chidwi cha boma chinali pa chimanga, fodya, thonje ndi mtedza. Ndiwo zinasiyidwa m'manja mwa amayi, ndipo zimene tinkaphunzira kulima pa sukulu zinali repu, chayinizi, kabichi, anyezi ndi tomato. Bonongwe akamera pa bedi tinkamuzula ngati udzu. Choipa kwambiri chinali chakuti khasu lomwelo linkagwiritsidwanso ntchito ngati chibalo, kotero kuti mwana sankasiyanitsa phunziro ndi chilango.

Likulu litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mzinda watsopanowo unakonzedwa kuti ukhale wa mitengo ndi mabwalo aakulu. Ogwira ntchito m'boma analowa m'nyumba za mabwalo otakasuka, zina zimene azungu anasiya ku Zomba ndi ku Blantyre, zina zatsopano ku Area 10, 11, 12 ndi kwina. Apa ndi pomwe makolo awiri aja anakumana. Kutsogolo kwa nyumba kunatsala kapinga ndi maluwa monga ankachitira dona, koma kuseri kunali mizere ya chimanga cha mondokwa, nkhwani woyanga pa mpanda, mpiru, ndi mtengo wa mapeyala kapena wa mandimu. Chilala cha 1992 ndi kugwa kwa kwacha kwa 1994 zinachititsa kuti ngakhale mabwana amene ankanyoza khasu ayambe kuvula taye akaweruka. Ana ambiri a ogwira ntchito m'boma, kuphatikizapo ena mwa inu amene mukuwerenga, analipiriridwa fizi ndi ndalama zimene zinapulumuka chifukwa ndiwo zinali kuseri kwa nyumba.

Pali Amalawi amene anasonyeza kuti nzeru za dimba zingafike patali. Glyvyns Chinkhuntha wa ku Dowa anayamba m'chaka cha 1982 ndi kamalo kakang'ono ka pa dambo, nakakulitsa kukhala Tikondwe Freedom Gardens, kumene madzi ankayenda okha m'ngalande popanda injini, ndipo nthaka inkadyetsedwa manyowa. Ophunzira a zaulimi ndi alendo ochokera kunja ankapita kumeneko kukaphunzira.

Kumene tili lero

Masiku ano mapoloti achepa, madzi a pa mpopi ndi odula, ndipo yense wa ife akamanga nyumba amathamangira kuwaka simenti bwalo lonse kuti galimoto isaponde matope. Ndiwo timagula ku Lizulu, ku Bembeke, ku Jenda kapena ku Bvumbwe tikamadutsa, ndipo tikuthokoza alimi a kumeneko. Koma taonani zimene tataya. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Azaumoyo amatiuza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo awiri mwa maguluwo, masamba ndi zipatso, angathe kupezeka pakhomo popanda kutulutsa ndalama tsiku ndi tsiku. Chinanso ndi mbewu. Njere za haibulidi za m'mapaketi sizibereka chimodzimodzi mukazibwereza, choncho chaka chilichonse muyenera kugula zina. Njere za bonongwe, luni, kamganje, maungu ndi khobwe wa makolo zimasungika m'botolo ndi phulusa pang'ono, ndipo zinazolowera nthaka ndi dzuwa la kuno. Koma mbewu yotere imakhala ndi moyo pokhapokha wina akuibzala. Gogo amene ankaisunga pa tsindwi akamwalira, adzukulu ali m'tauni, mtunduwo umapita naye.

Kwa ine, kamunda kanga ndi ka mabedi anayi okha. Bonongwe ndimafesa nditasakaniza njere ndi mchenga kuti asathithikane, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi timayamba kuthyola. M'mbali mwa mpanda muli chammwamba, tsabola wa kambuzi ndi mpungabwi. Kutsogolo ndinasiya maluwa, chifukwa maso nawonso amafuna chakudya chawo. Madzi otsukira mpunga ndi masamba amapita ku mabedi, ndipo makoko onse amapita ku dzenje la manyowa. Amene mulibe malo, thumba lodzaza dothi ndi manyowa, loboola m'mbali, limakwanira kubzalamo mpiru wa banja laling'ono.

Pomaliza, ndikupempha komiti yathu ndi mamembala onse zinthu zitatu. Choyamba, pa zimene timasonkhera sukulu yathu tiikepo makasu, makheni ndi thanki yokololera madzi a mvula, kuti dimba la sukulu likhale lothandiza ku khitchini. Chachiwiri, pa msonkhano wathu waukulu wa chaka chino aliyense abwere ndi kambewu ka kwawo, atalemba dzina lake, kumene wakatenga ndi kaphikidwe kake, kuti ana akabzale ndi kusunga. Tili ochokera m'maboma onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo tikaphatikiza zimene azakhali ndi agogo athu akusungabe tidzakhala ndi chuma chimene sichipezeka m'sitolo. Chachitatu, tikambirane mwaulemu ndi aphunzitsi kuti mwana wolakwa apatsidwe chilango china, khasu alisiyire ulemu wake. Mmera mpoyamba: mwana amene wadya mpiru wobzala yekha ali Fomu 1 sadzachita manyazi kugwira dothi ngakhale adzakhale mlembi wamkulu wa unduna.